Nkhalamba Ikathyoka Chiuno: Kodi Tiipereke kwa Dotolo, Kapena Tiisiye Pamphasa?

M'midzi yathu ya kumapiri kuno ku Dedza, kuyambira ku Bembeke kufikira ku Linthipe ndi ku Mayani, muli tsoka lina limene ligwera nkhalamba chaka ndi chaka. Pa dzinja njira za kuchitsime ndi za kudimba zikhala zoterera. M'miyezi ya chisanu, June ndi July, maondo a okalamba auma, ndipo potuluka usiku kunka kuchimbudzi phazi likhumudwa pa mwala kapena pa chiundo cha khomo. Munthu agwa, nayesa kudzuka, koma osakhoza. Pomunyamula aona kuti mwendo wina wafupika, ndipo phazi lake lagonera kunja. Pamenepo abale asonkhana pakhonde, nayamba kufunsana funso limene tifuna kulisanthula m'mwezi uno: kodi munthu wokalamba chotere, wa mtima wofooka ndi chifuwa chosatha, nkoyenera kumpereka kwa madotolo kuti amng'ambe? Kapena kuli bwino kumsiya agone pamphasa yake kufikira Mwini moyo adzamuitana?

Tisanaweruze mlanduwu tiyambe tadziwa chimene chathyoka. Fupa la ntchafu ndilo lalitali koposa mafupa onse a munthu. Kumtunda kwake lipindika, ndipo lili ndi khosi ndi mutu woburungika umene ulowa m'chibowo cha fupa la chiuno, monga munsi ulowa mumtondo. Munthu akamakalamba mafupa ake apepuka m'kati ngati mtengo wofumbwa, makamaka amayi amene analeka kusamba. Chifukwa chake kugwa kwakung'ono, kumene mwana angodzuka naseka, kuthyola khosi lija kapena pamunsi pake pang'ono. Tsono mitsempha imene itengera magazi ku mutu wa fupa ipita pa khosi lomwelo. Khosi likathyoka ndi kusuntha, mitsempha iduka, mutu usowa chakudya, ndipo fupa likana kulumikizana. Fupa limeneli lili m'kati mwa mnofu wochindikala, kotero kuti timitengo ndi luzi, zimene anthu amangira mkono wothyoka, sizingathe kuligwira. Masiku amene atha pothowa ndi pomanga zitsamba angochedwetsa chithandizo.

Kale ngakhale madotolo a ku Ulaya analibe chochita. Sir Astley Cooper, dotolo womveka wa ku London, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1820 kuti khosi la fupali likathyokera m'kati mwa mfundo sililumikizana kawirikawiri. Dr David Livingstone yemwe, atalumidwa ndi mkango ku Mabotsa m'chaka cha 1844, anakhala moyo wake wonse ndi fupa la mkono losalumikizika bwino; ndipo pamene mtembo wake unafika ku London mu 1874 anauzindikira ndi fupa lomwelo. Koma pang'onopang'ono Mulungu anatsegulira anthu nzeru. Mankhwala ogonetsa anayamba kugwira ntchito mu 1846 ndi 1847, ndipo mu 1876 Dr Robert Laws anagonetsa munthu ndi chloroform ku Cape Maclear, m'dziko lathu lino, namchita opaleshoni osamva kuwawa. Mu 1898 August Bier wa ku Germany anaonetsa kuti jekeseni wa pamsana achititsa dzanzi miyendo munthu ali maso. Mu 1931 Marius Smith-Petersen wa ku Boston analengeza za msomali wachitsulo wogwira khosi la fupa, ndipo mu 1940 Austin Moore anaika mutu wachitsulo m'malo mwa mutu wa fupa wowonongeka. Njira ziwirizi zilipo kufikira lero: kugwira fupa ndi misomali ndi zitsulo, kapena kuchotsa mutu wakufa ndi kuika wina. Funso limene makolo athu analibe, ife tili nalo, pakuti mphamvu yochita kanthu ibwera pamodzi ndi udindo wosankha.

Tsono tiyeze mbali zonse ziwiri, popeza woweruza wolungama samva mbali imodzi. Opaleshoni ili nazo zoopsa zake, ndipo wonena kuti ilibe anama. Mtima wa nkhalamba ukhoza kuleka pa tebulo. Magazi akhoza kutayika ambiri, bala likhoza kuchita mafinya, ndipo ena mutu usokonezeka masiku angapo, osazindikira ngakhale ana awo. Amene ali ndi nthenda ya shuga, ya impso, kapena kuthamanga kwa magazi ali pangozi yoposa. Koma kugona pamphasa nakonso kuli ndi zoopsa zake, kungoti izo zibwera mwakachetechete ngati chiswe. Munthu wosatembenuka atuluka zilonda kumsana ndi kuzidendene, ndipo zilondazo zidya mnofu kufikira pafupa. Mapapo a munthu wogona chagada satambasuka, ndipo chibayo chilowa. Magazi aundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma chake chikathamangira kumapapo munthu afa modzidzimutsa. Mnofu usungunuka sabata ndi sabata. Pamwamba pa izi zonse pali ululu, pakuti nthawi zonse pomsambitsa kapena pomthandiza kudzithandiza, nsonga za fupa zikhulana.

M'maiko amene awerenga odwala otere chaka ndi chaka apeza kuti mwa nkhalamba 4 kapena 5 zothyoka chiuno, imodzi imwalira chaka chisanathe, ngakhale kumene kuli zipatala zabwino. Ndipo mwa osachitidwa opaleshoni omwalira achuluka koposa, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti ambiri a iwo anali odwala kwambiri ndi kale. Nchifukwa chake mu 2011 bungwe la NICE, limene lilangiza zipatala za ku England, linalemba kuti wothyoka chiuno achitidwe opaleshoni tsiku lomwe wafika kapena m'mawa mwake, ndi kuti tsiku lotsatira ayambe kumdzutsa. Madotolo achita changu chotero chifukwa adziwa kuti chimene chipha ambiri ndicho kugonako. Ayesa kumuimiritsa munthuyo msanga, mphasa isanamudye.

Taona tsono kuti njira zonse ziwiri zili ndi imfa m'mbali mwake. Tiyeni timve mawu amene anenedwa pakhonde paja, ndipo tiwayese limodzi limodzi.

Mawu oyamba ndi akuti, "Agogowa anadya kale zawo, nkuvutikiranji?" Mawuwa amveka ngati nzeru, koma m'kati mwake muli muyeso woipa, woyesa munthu monga tiyesa ng'ombe ya pangolo, imene ikaleka kukoka isanduka ya nyama. Ngati mtengo wa munthu uli m'makasu amene alima, ndiye kuti khanda lilibe mtengo, wakhungu alibe mtengo, ndipo ife tonse mtengo wathu ukutha tsiku ndi tsiku. Chikhristu chikana muyeso umenewu, pakuti chiphunzitsa kuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, ndipo chifanizocho sichifufutika ndi imvi. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi silinaike malire a zaka. Ndipo Ambuye Yesu anadzudzula kolimba iwo amene anapeza njira yopembedza yothawira kusamala makolo awo. Makolo athunso anati akuluakulu ndi mdambo mozimira moto. Miyezi 12 imene nkhalamba ikhala pakhonde, ikusenda nyemba ndi kuweruza timilandu ta adzukulu, si yochepa pamaso pa Mulungu kuposa miyezi 12 ya mnyamata. Tiyenera kuchenjeranso ndi mtima wina wobisika. M'dziko muno nkhalamba zanenezedwa ufiti, zina kuphedwa kumene, monga zinachitikira nkhalamba 4 ku Neno mu January 2016. Mudzi umene uzolowera kunena kuti okalamba alibe ntchito uli kale pa njira yonka kumeneko.

Mawu achiwiri ndi a mantha, ndipo ndi amene agwira anthu abwino. Mwana ati, "Ndikasayina ine pepala, mayi nakafera pa tebulo, abale adzati ndawapha ndine." Manthawa tiwamvetsa, pakuti imfa ya pa opaleshoni ili ndi tsiku lake ndi dzina la wosayina, pamene imfa ya pamphasa ibwera pang'onopang'ono ndipo palibe aloza chala munthu. Koma tifunse: kodi mwanayo akuteteza mayi wake, kapena dzina lake? Kusachita kanthu nakonso ndiko kuchita. Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo lija sanamenye munthu wogwa m'manja mwa achifwamba. Anangolambalala, manja awo ali oyera, koma Ambuye sanawayese osalakwa. Munthu amene asankha njira yoopsa kwambiri kwa wodwala chifukwa ili yosaopsa kwa iye mwini, wasenzetsa wodwalayo katundu wa mantha ake. Ndipo inu abale amene mukhala chete pa tsiku losankha, koma pamaliro ndinu oyamba kunong'ona, dziwani kuti lilime lanu ndilo lichititsa ana ambiri kubisa makolo awo m'nyumba. Amene anasankha mwa chikondi, atafunsa bwino, alibe mlandu wa magazi ngakhale zitatha moipa. Tiweruzidwa ndi kukhulupirika kwa kusankha kwathu. Mathero ali m'manja mwa Wina.

Mawu achitatu ndi akuti, "Zonse adziwa ndi Mulungu, ngati afuna kuwachiritsa adzawachiritsa pompano." Zoonadi Mulungu ndiye mwini moyo. Koma amene anena chotero salekera Mulungu munda wake. Agula mbewu ya mbatata, napalira, nathira feteleza, napemphera mvula. Pamene mfumu Hezekiya anadwala nthenda yofa nayo, anapemphera, ndipo Mulungu anamuonjezera zaka 15. Komabe mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake. Pemphero ndi mankhwala sizinakangane m'nyumba ya mfumuyo. Luka, wolemba Uthenga Wabwino, anali sing'anga. Dzanja la dotolo ndi khasu chabe m'munda wa Mulungu. Kulikana chifukwa cha ulesi kapena mantha, ndi kutcha kukanako chikhulupiriro, ndiko kutchula dzina la Mulungu pachabe.

Kodi tsono titi nkhalamba iliyonse ipite ku opaleshoni, ifune isafune? Iyayi. Pano pali cholakwa china chimene achita anthu achangu. Mwa mwambo wathu nkhani zazikulu aweruza ndi mwini mbumba, kapena ana amene ali ndi ndalama m'tauni, ndipo kawirikawiri akambirana kunja, mwini thupi ali gone m'nyumba osafunsidwa. Ichi sichiyenera. Chimene chathyoka ndi fupa, nzeru zili zonse. Ululu ndi wake, moyo ndi wake, ndipo adzayankha yekha pamaso pa Mlengi wake. Kumbukirani Barizilai wa ku Gileadi, nkhalamba ya zaka 80 imene inathandiza Davide pothawa Abisalomu. Mfumu inamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu ndi kudya zabwino, koma iye anakana, nafuna kubwerera kukafera m'mudzi mwake pafupi ndi manda a makolo ake. Davide sanamkakamize, anampsompsona, namdalitsa, namlola apite. Chomwechonso nkhalamba imene yamva zonse bwino, niti, "Ine ndatopa, ndisiyeni kwathu," mawu ake alemekezedwe.

Koma pali zinthu ziwiri zoti tiyang'anitsitse. Choyamba, kodi wauzidwa zoona? Kukana kwa munthu amene wangomva mbiri yakuti kuchipatala adula miyendo si kukana kwenikweni. Auzidwe m'chinenero chake, pang'onopang'ono, zimene opaleshoni ingathe ndi zimene singathe, ndiponso zimene mphasa idzachita. Chachiwiri, kodi akana chifukwa cha iye mwini, kapena chifukwa cha ife? Nkhalamba zambiri ziti "ndisiyeni" pamene mtima ukuti "ndisakusautseni." Zaona nkhope zathu powerenga ndalama za galimoto, zamva kudandaula kwathu za kumunda. Munthu wotere ayenera kumva kuchokera pakamwa pa ana ake kuti sali katundu. Akatero, nabwerezanso kukana, pamenepo ndiye mawu ake enieni. Ndipo ngati nzeru zake zinasokonezeka ndi ukalamba, oyankha m'malo mwake asafunse chimene chiwapepukira iwo, koma chimene mwiniyo akadasankha, monga anamdziwira pa moyo wake wonse.

Ziliponso nthawi zimene dotolo yemwe adzati opaleshoni siyenera: pamene munthu ali kale pafupi kutsirizika ndi nthenda ina, kapena mtima wake sungapirire konse. Apo kuumirira si chikondi. Mkhristu sayesa imfa mdani woti athawidwe pa mtengo uliwonse, pakuti adziwa kumene apita. Koma kuleka opaleshoni si kuleka munthu. Wotereyo afunika mankhwala oletsa ululu, ndipo morphine wakumwa apezeka m'zipatala za dziko lino kwa odwala otere. Afunika kumtembenuza kawirikawiri usana ndi usiku, kumgoneka pofewa ndi pouma, kumkhazika tsonga pakudya, kumpatsa madzi, ndi kumchezera. Ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa kusayina pepala, ndipo amene aichita mokhulupirika asadziyese ochepa.

Tinene tsopano za m'mene zinthu zilili kwathu kuno, pakuti sikuthandiza kulangiza anthu ngati tili ku England. Madotolo a mafupa m'Malawi ndi owerengeka, ndipo akhala m'zipatala zazikulu za m'mizinda. M'zipatala za maboma ntchito ya mafupa igwiridwa ndi madotolo othandiza ophunzira za mafupa, amene maphunziro awo a miyezi 18 anayambitsidwa ku Blantyre mu 1985 ndi Dr Edward Blair wa ku Canada. Anthu amenewa ndiwo asenza odwala mafupa ambiri a dziko lino, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma kumene kulibe zitsulo ndi zipangizo, chithandizo chimene chitsala ndicho kukoka mwendo ndi chingwe ndi zolemera, wodwala ali gone pabedi masabata 6 kapena kuposa. Mu 2020 Dr Linda Chokotho ndi anzake anafalitsa zimene anapeza potsatira odwala 187 a m'Malawi othyoka pakati pa fupa la ntchafu: oikidwa chitsulo anayamba kuyenda ndi kupeza bwino msanga kuposa okokedwa mwendo. Ngati kugona kotero kusautsa munthu wa mphamvu zake, nanga nkhalamba? Mu 2023 chinatsegulidwa ku Lilongwe, pa Kamuzu Central Hospital, chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION, ndipo kuchokera pa boma la Dedza ndi ulendo wa makilomita ngati 85 pa msewu wa M1. Chifukwa chake wogwa afike msanga pa chipatala chapafupi, kaya cha boma ku Dedza, kaya cha mishoni monga Nkhoma kapena Mua, akamuunike. Ndipo abale asachite manyazi kufunsa mwaulemu ngati nkotheka kumtumiza kumene kuli opaleshoni.

Kumeneko adzapeza mzere wautali, wodzala ndi anyamata othyoka pa ngozi za njinga zamoto ndi magalimoto. Apa pabuka funso lina lovuta: tebulo likakhala limodzi, ayambe ndani, bambo wa zaka 30 wa ana aang'ono kapena gogo wa zaka 80? Sitinena kuti yankho lake ndi lapafupi, ndipo tiwapempherere amene ayenera kusankha tsiku ndi tsiku. Koma tinena ichi: muyeso wolungama ndiwo kufunsa amene kudikira kudzamuononga koposa, ndi amene chithandizo chidzamthandizadi. Mnyamata wothyoka mkono akhoza kudikira sabata osafa. Nkhalamba yothyoka chiuno sabata lomwelo likhoza kuitengera kumanda. Kuika munthu kumapeto kwa mzere chifukwa cha zaka zake zokha ndiko kubwereza mawu aja a pakhonde, ngakhale anenedwe m'Chingerezi. Ndipo kuperewera kwa matebulo si chilengedwe ngati mvula. Ndi chinthu chimene dziko lisankha pogawa chuma chake, ndipo Akhristu ali ndi ufulu ndi udindo wokumbutsa aphungu awo.

Chotsala ndi katundu wa pabanja, ndipo tisaupeputse. M'chipatala cha boma salipiritsa, koma galimoto ilipiritsa, ndipo wodikirira wodwala ayenera kudya, kugona pansi, ndi kusiya munda wake mwina pa nthawi yopalira. Kawirikawiri katunduyu agwera mwana wamkazi mmodzi, pamene ena angotumiza moni pa foni. Apa ndipo pali ntchito ya mpingo. Munthu wamanjenje uja wa ku Kapernao sanafike kwa Yesu ndi miyendo yake, ndiponso sanamnyamule munthu mmodzi. Anali anthu 4, ndipo anasasula denga. Mutu umodzi susenza denga. Akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, a m'miphakati ndi achinyamata akhoza kugawana: ena kusonkha ya galimoto, ena kupalira munda wa wodikirira, ena kusinthana naye kuchipatala, ena kuyendetsa wodwala ndi ndodo akabwera kumudzi, pakuti opaleshoni ingoyamba ntchito, ndipo kuyenda tsiku ndi tsiku ndiko kuitsiriza. Mpingo umene usonkha msanga ndalama za bokosi ndi chakudya cha pamaliro, koma uchedwa kusonkha za galimoto yonka kuchipatala, udzifunse ngati sulemekeza akufa koposa amoyo.

Ndiponso tisadikire tsoka. Salazani njira ya kuchimbudzi cha agogo, muwapatse nyali kapena tochi ndi ndodo yolimba, muchotse miyala pakhomo, mupite nawo akaonetse maso ngati ayamba ng'ala, ndipo musawamane usipa, mkaka ndi ndiwo zamasamba, zimene zilimbitsa mafupa. Kambiranani nawo akali bwino chimene angafune tsiku loipa likadza.

Tsono yankho lathu ndi ili. Zaka zokha si chifukwa chomaniza munthu opaleshoni, ndipo kwa nkhalamba zambiri zothyoka chiuno njira ya dotolo, ngakhale ili yoopsa, ndiyo ya chifundo koposa mphasa. Fulumirani naye, funsani zoona, mumuuze zoona, mumve mawu ake, ndipo chimene mwasankha pamodzi muchisenze pamodzi, popanda kulozana chala pambuyo pake. Ana athu akuona m'mene tichitira ndi makolo athu, ndipo akuphunzira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mulungu atipatse nzeru ndi mtima wachifundo pa tsiku limenelo.